Kalata ya DWP ikafika pakhomo la kholo lolera ana lokha ku Britain

Ku Britain makalata ambiri a boma amabwera mu envelopu ya khaki, ndipo munthu amene amalandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma amaizindikira envelopuyo asanaitole n'komwe pansi pa chitseko. Masiku ano uthengawo umathanso kufika pa akaunti ya pa intaneti ya Universal Credit, thandizo la ndalama la mwezi ndi mwezi la anthu opeza zochepa, pa tsamba lotchedwa journal, pomwe wolandira thandizo amalemberana ndi ogwira ntchito za boma. Mawu ake amakhala ochepa: tikufuna kuunikanso thandizo lomwe mukulandira, tidzakuimbirani foni tsiku lakuti pa nthawi yakuti, konzeranitu chiphaso chanu ndi masitetimenti a ku banki. Kawirikawiri chomwe chayambitsa kauniuniyo sachitchula. Kwa mayi amene akulera ana yekha, yemwe lendi ya mwezi wamawa ndi chakudya cha ana zikudalira ndalama imeneyo, kusatchula chifukwako n'kumene kumamusowetsa tulo, chifukwa amayamba kufufuza m'mutu mwake chilichonse chomwe anachita m'zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ngakhale zinthu zomwe sizinali zolakwika m'pang'ono pomwe.

Kalata yotereyi imachokera ku Department for Work and Pensions, unduna womwe anthu amangoutchula kuti DWP, ndipo ndiwo umalipira Universal Credit ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland ntchitoyi imagwiridwa ndi Department for Communities. Si Mmalawi kapena Mzambia aliyense wokhala ku Britain amene nkhaniyi ikumukhudza, pakuti ambiri amene anapita pa viza ya ntchito, monga yosamalira okalamba, kapena ya maphunziro, chilolezo chawo chimawaletsa kulandira thandizo la boma la mtundu umenewu. Amene ikuwakhudza kwambiri ndi omwe anakhala nzika, omwe ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndi omwe anavomerezedwa ngati othawa kwawo. Pakati pa amenewa pali makolo ambiri olera ana okha, ndipo monga zilili m'dziko lonselo, ochuluka mwa iwo ndi amayi.

Universal Credit inakhazikitsidwa ndi lamulo la Welfare Reform Act la mu 2012 ndipo inayamba kulipiridwa mu 2013, kulowa m'malo mwa mitundu isanu ndi umodzi ya thandizo lomwe kale linkaperekedwa padera, monga la lendi, la osowa ntchito ndi la ana lomwe linkatchedwa ma tax credits. Chofunika kuchimvetsa pa thandizoli n'chakuti boma limawerengera banja lonse pamodzi. Munthu akakhala yekha amalembetsa yekha, koma akakhala ndi mwamuna kapena mkazi m'nyumba imodzi ayenera kulembetsa onse awiri, ndipo malipiro ndi chuma cha onse awiri zimawerengedwa. M'chaka cha boma chomwe chinayamba mu Epulo 2025, gawo loyambira la munthu mmodzi wa zaka 25 kapena kuposerapo linali £400.14 pa mwezi, pamene la anthu awiri okhala ngati banja linali £628.10, ndipo pamwamba pake amawonjezerapo gawo la ana, la lendi ndi la kolipirira kosiya ana. Kusiyana kwenikweni kumabwera pa malipiro a mnzakeyo, popeza pa paundi iliyonse yomwe banja lapeza pa ntchito, kupitirira mlingo wina womwe amausiya osaukhudza, boma limachotsa mapeni 55 pa thandizolo. Mwamuna wogwira ntchito yolipidwa bwino akalowa m'nyumba, thandizo la mayiyo likhoza kutsika kwambiri kapena kutheratu. N'chifukwa chake funso loti kodi m'nyumbamo mukukhala ndani ndilo limakhala pakatikati pa kauniuni wa kholo lolera ana lokha.

Kauniuni wotereyu wachuluka m'zaka zaposachedwapa, ndipo chiyambi chake chili mu mliri wa Covid-19. Mu 2020 anthu mamiliyoni analembetsa Universal Credit m'miyezi yochepa, boma linafewetsa zina mwa njira zotsimikizira kuti ndalama zifike msanga, ndipo zotsatira zake zinaoneka m'mabuku a boma lomwelo: m'chaka cha 2021 mpaka 2022, DWP inayerekeza kuti 14.7 peresenti ya ndalama za Universal Credit zinalipiridwa mopitirira muyeso, chifukwa cha chinyengo komanso zolakwitsa za olandira ndi za ogwira ntchito. Mu Meyi 2022 boma linalengeza ndondomeko yolemba anthu pafupifupi 2,000 oti aunikenso mafayilo oposa 2 miliyoni m'zaka zisanu. Tanthauzo lake kwa munthu wamba n'lakuti kulandira kalata sikusonyeza kuti wina wamunenera. Mafayilo ambiri amasankhidwa ndi makompyuta kapena amangofikiridwa pa mndandanda, ngakhale kuti n'zoonanso kuti kuli nambala ya foni ya National Benefit Fraud Hotline komwe munthu aliyense, kaya ndi woyandikana naye nyumba kapena mwamuna amene anasiyana naye mokangana, akhoza kuimbako osatchula dzina lake, ndipo DWP siulula amene anaimba.

Anthu amasokoneza zinthu zitatu zomwe n'zosiyana kulemera kwake, ndipo mantha ambiri amachokera pa kusokonezaku. Choyamba ndi kauniuni wamba wa Universal Credit, yemwe amachitika kudzera pa journal ndi pa foni: amapempha chiphaso, masitetimenti a maakaunti onse, kawirikawiri a miyezi inayi, kenaka amaimba foni kufunsa pomwe sanamvetse. Chachiwiri ndi chomwe amachitcha compliance interview, kucheza ndi ofisala pa foni kapena ku ofesi ya Jobcentre Plus, komwe nthawi zambiri kumabwera pamene pali chinthu china chomwe sichikugwirizana ndi zomwe zili mu fayilo. Uku si kufufuza mlandu, ndipo cholinga chake ndi kukonza thandizolo kuti lifanane ndi mmene zinthu zilili, ngakhale kuti zomwe munthu wanena zimalembedwa ndipo zikhoza kutumizidwa kwa ofufuza milandu ngati zaonetsa chinyengo. Chachitatu ndi interview under caution, ndipo apa nkhani yasintha mtundu. Kalata yake imanena poyera kuti akukayikira kuti pachitika mlandu, kuchezako kumajambulidwa mawu, ndipo kumayamba ndi chenjezo lofanana ndi la apolisi, lakuti munthu ali ndi ufulu wosayankha koma chilichonse chimene anganene chikhoza kukhala umboni ku khoti. Ku England ndi Wales kucheza kumeneku kumatsata malamulo a Police and Criminal Evidence Act a mu 1984. Munthu sakhala womangidwa ndipo akhoza kutuluka, koma kupitako osaonana ndi loya kapena mlangizi ndi chibwana chomwe ambiri amadzanong'oneza nacho bondo, makamaka amene akuyembekeza kudzapempha unzika, popeza kupezeka wolakwa ku khoti kumawerengedwa poona mbiri ya munthu. Choncho chinthu choyamba kuchita envelopu ikatsegulidwa ndi kuwerenga bwinobwino kuti mwa zitatuzi kalatayo ikunena chiti.

Tsopano ku funso lovuta lija loti m'nyumbamo mukukhala ndani. Lamulo limati anthu awiri ndi banja ngati ali okwatirana ndipo akukhala pakhomo limodzi, kapena ngati sanakwatirane koma akukhalira limodzi monga okwatirana. Mawu akuti monga okwatirana alibe tanthauzo limodzi lolembedwa, ndipo kwa zaka zambiri makhoti akhala akupereka zizindikiro zoti wogamula aziyang'ana: ngati awiriwo akukhaladi pakhomo limodzi, ngati ubale wawo ndi wokhazikika, mmene amayendetsera ndalama, ngati amagonana, ngati ali ndi ana omwe akuwalera limodzi, ndiponso mmene amadzionetsera kwa anthu. Palibe chizindikiro chimodzi chomwe pachokha chimatseka nkhani, ndipo wogamula ayenera kuona chithunzi chonse. Koma pa zonsezi maziko ndi khomo. Anthu amene sakhala pakhomo limodzi sangakhale banja pa nkhani ya thandizoli, ngakhale chibwenzi chawo chitakhala cha zaka khumi, ndipo munthu amawerengedwa kuti ali ndi khomo limodzi pa nthawi imodzi.

Pali mphekesera yomwe yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri, yoti mwamuna akhoza kugona kwa mayi masiku atatu pa sabata popanda vuto, koma akafika anayi ndiye kuti awiriwo ndi banja. Lamulo lotero kulibe. Mphekeserayi imapweteka anthu mbali ziwiri. Wina amawerengera masiku mosamala n'kumadziona ngati wotetezeka, chikhalirecho zovala zonse za mwamunayo zili m'nyumbamo, amadya momwemo, amalipira magetsi momwemo, ndipo komwe amati ndi kwawo ndi mpando wa pabalaza kwa mnzake. Wina amathamangitsa bambo wa ana ake usiku womwe mwana wadwala, kuopa kuti masiku akwana, pomwe bamboyo ali ndi nyumba yakeyake yomwe amalipira lendi ndi msonkho wa khonsolo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo chomwe wogamula akufuna kudziwa n'chomwecho: kodi munthuyu amabwera n'kubwerera kwawo, kapena kwawoko n'komweko?

Tiyerekeze mayi wa ana awiri ku Leicester amene anasiyana ndi mwamuna wake zaka ziwiri zapitazo. Mwamunayo anasamukira m'chipinda cha lendi kutsidya kwa tauni, m'nyumba yomwe amakhala ndi anthu ena anayi, komwe makalata amasowa. Pa chifukwa chimenecho sanasinthe adiresi ku banki, ndipo inshulansi ya galimoto yake idakalembedwabe pa adiresi ya mayiyo chifukwa kumeneko ndi yotchipirako. Lachiwiri ndi Lachinayi amadzatenga ana kusukulu n'kukhala nawo mpaka mayi awo ataweruka ku ntchito, ndipo nthawi zina amadya nawo nsima asanapite. Intaneti ya m'nyumbamo idakali m'dzina lake popeza kontrakitiyo anaisaina asanasiyane. Kutchalitchi anthu amawatchulabe kuti a bambo ndi a mayi a uje, ndipo pa Facebook pali chithunzi cha onse anayi atavala chitenje chofanana pa ubatizo wa mwana wamng'ono. Mwa zonsezi palibe chomwe chikusonyeza kuti awiriwa ndi banja, koma munthu amene wakhala pa desiki, amene sanafikepo pakhomopo, akuona adiresi imodzi pa mayina awiri m'mabuku a makampani osunga mbiri ya ngongole monga Experian ndi Equifax, akuona bilu yolipiridwa ndi mwamunayo, ndipo akuona chithunzi. Moyo wa makolo osiyana amene akuyesetsa kulera ana mwamtendere umasiya mapazi ofanana kwambiri ndi a banja, ndipo m'maganizo anga apa ndi pomwe dongosololi limalakwira anthu ambiri osalakwa: bambo amene anathawiratu sasiya chizindikiro chilichonse, pamene amene amabwera kudzaona ana ake ndiye amabweretsa kalata ya khaki.

Chomwe chimamuwombola mayi wotereyu ndi mapepala osonyeza kuti mwamunayo ali ndi khomo lina: pangano lake la lendi, malisiti kapena sitetimenti yosonyeza kuti amalipira lendiyo, kalata ya kuntchito kapena ya kuchipatala yokhala ndi adiresi yake yatsopano, kalembera wa zisankho, ngakhale kalata yochokera kwa mwininyumba. Vuto n'lakuti mapepala onsewa ali m'manja mwa munthu amene mwina sakulankhulana naye bwino. Ngati sangawapeze, mayiyo anene zomwezo poyera ndi kupereka zomwe ali nazo, monga pangano la lendi lomwe lili m'dzina lake lokha, kuchotseredwa kwa 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo komwe kumaperekedwa kwa wamkulu wokhala yekha, makalata a kusukulu, ndi mauthenga a pa foni okambirana za tsiku lobwera kudzatenga ana. Ndipo pamene boma likufuna kusintha thandizo lomwe linavomereza kale, udindo wosonyeza kuti zinthu zinasintha uli pa boma.

Palinso zochitika zingapo zomwe anthu a kwathu amakumana nazo kawirikawiri. Anthu okwatirana amene ukwati wawo unatha koma akukhalabe pansi pa denga limodzi chifukwa chosowa kolowera akhoza kuwerengedwa ngati osiyana, malinga ngati aliyense amagona, kuphika, kuchapa ndi kuyendetsa ndalama payekha, ngakhale kuti kutsimikizira zimenezi kumafuna kufotokoza kwatsatanetsatane. Mayi amene mwamuna wake ali ku Lilongwe kapena ku Chipata ndipo akhala otalikirana kupitirira miyezi isanu ndi umodzi sawerengedwa ngati banja pa Universal Credit, koma tsiku lomwe mwamunayo wafika kudzakhala m'nyumbamo liyenera kunenedwa. Izi zili choncho ngakhale viza ya mwamunayo ikumuletsa kulandira thandizo, chifukwa zikatero mayiyo amalandira gawo la munthu mmodzi koma malipiro ndi chuma cha mwamunayo zimawerengedwabe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa poganiza kuti munthu wosayenera thandizo palibe chifukwa chomutchulira. Mchimwene, msuweni kapena mayi wobereka amene wabwera kudzathandiza kulera ana si mwamuna kapena mkazi wa munthu, koma naye ayenera kunenedwa ngati akukhala m'nyumbamo, popeza zikhoza kukhudza gawo la lendi.

Kuti kukayikira kotereku kukhoza kufika poipa, dziko la Britain linaona kale. Mu 2014 bungwe lotolera misonkho la HMRC, lomwe pa nthawiyo linkalipira ma tax credits, linapereka kontrakiti kwa kampani ya ku America yotchedwa Concentrix kuti izifufuza olandira, ndipo malipiro a kampaniyo ankadalira kuchuluka kwa ndalama zomwe yapulumutsa. Makolo zikwizikwi olera ana okha analandira makalata owanena kuti akukhala ndi munthu yemwe sanamutchule, ndipo ambiri anaimitsidwa thandizo. Ena ankanenedwa kuti akukhala ndi anthu omwe anachita lendi m'nyumbamo kale iwo asanalowe, ena ndi anthu omwalira, ndipo aphungu anatchula m'Nyumba ya Malamulo nkhani ya munthu wonenedwa kuti akukhala ndi RS McColl, lomwe ndi dzina la masitolo a ku Scotland. Mafoni a kampaniyo sankayankhidwa, ndipo mabanja anakhala masabata opanda ndalama. Kontrakitiyo inathetsedwa mu Novembala 2016, ndipo komiti ya aphungu yoona za ntchito ndi penshoni, yomwe wapampando wake anali Frank Field, inadzudzula kwambiri mmene anthu anachitidwira. Ma tax credits anatha mu Epulo 2025, koma njira yofananitsa mayina ndi maadiresi m'makompyuta ilipobe.

Gawo lachiwiri la kauniuni ndi ndalama, ndipo apa sitetimenti ya ku banki imawerengedwa mzere ndi mzere. Munthu amene chuma chake chosunga chapitirira £16,000 sayenera Universal Credit. Pakati pa £6,000 ndi £16,000, boma limachotsa £4.35 pa mwezi pa £250 iliyonse yopitirira £6,000. Chuma chimenechi si ndalama za mu akaunti zokha, pakuti nyumba kapena malo omwe munthu ali nawo koma sakukhalamo amawerengedwanso, ngakhale atakhala kunja kwa Britain. Puloti ya ku Area 49 kapena nyumba yomangidwa theka ku Machinjiri, ngati ili m'dzina la wolandira thandizo, iyenera kutchulidwa, ndipo zoti ndi ya mtengo wanji, kapena ngati ndi malo a makolo omwe munthu mmodzi sangagulitse, zimakambidwa pambuyo pake ndi umboni. Kusaitchula poganiza kuti ili kutali n'kumene kumasandutsa funso wamba kukhala mlandu.

Chinthu china chomwe ofisala wa ku Britain sangachimvetse popanda kumufotokozera ndi mmene ndalama zimadutsira m'manja mwa anthu athu. Mayi amene ali mu chipereganyu cha anthu khumi, aliyense woponya £200 pa mwezi, amaona £1,800 italowa mu akaunti yake mwezi womwe ndi wake wolandira, kuchokera kwa anzake asanu ndi anayi. Ngati ndiye msungichuma wa gululo kapena wa komiti ya maliro, ndalama za anthu ena zimalowa ndi kutuluka mu akaunti yake mwezi ndi mwezi. Pa pepala zimenezi zimaoneka ngati bizinesi yobisika kapena thandizo lochokera kwa mwamuna. Ndalama yosungira anthu ena si chuma cha wosungayo, koma pamafunika kusonyeza kuti ndi ya ena, ndipo kope la gulu lokhala ndi mayina ndi madeti, pamodzi ndi mauthenga a pa WhatsApp, limathandiza kuposa kulumbira. Kutumiza ndalama kumudzi kudzera ku Mukuru kapena WorldRemit si mlandu, ndipo munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndalama yake, kupatula ngati wataya dala chuma chachikulu n'cholinga choti atsike pansi pa malire aja, chifukwa zikatero boma limawerengera ngati ndalamayo idakalipo.

Pali ndalama imodzi yomwe amayi ambiri amaibisa popanda chifukwa. Ndalama yomwe bambo amapereka yosamalira ana ake siwerengedwa ngati malipiro pa Universal Credit, kaya ikudzera ku Child Maintenance Service, nthambi ya boma yoona za ndalama zosamalira ana a makolo osiyana, kapena awiriwo anangogwirizana okha. Kuilandira pamanja mobisa kumangochotsa umboni womwe ukanathandiza, pamene ndalama yolowa mu akaunti mwezi uliwonse, yolembedwa momveka kuti ndi ya ana, imasonyeza makolo awiri okhala kosiyana. Zosiyana ndi zimenezi ndi maganyu. Malipiro a pa ntchito yolembedwa amafika ku DWP okha kudzera ku HMRC, koma ndalama zoluka tsitsi kunyumba, zophika mandasi ndi zakudya za pa zinkhoswe kapena zosoka ziyenera kunenedwa ndi mwini wake mwezi uliwonse, ngakhale zitakhala zochepa.

Ulendo wa kumudzi nawo umafunsidwa. Universal Credit imapitirira kwa mwezi umodzi munthu ali kunja kwa dziko, ndipo nthawiyi ikhoza kuwonjezeredwa ndi mwezi wina ngati ulendowo ndi wa imfa ya wachibale wapafupi. Aliyense amene anapitapo ku maliro a kholo lake amadziwa kuti mwezi umatha ngati sabata, poti pali kuika, kusesa, kukambirana za katundu ndi za ana amasiye, kenaka tikiti yobwerera yakwera mtengo. Kulemba pa journal musananyamuke, ndi kulembanso zinthu zikasintha, kumateteza ku mavuto ambiri, chifukwa sitetimenti yosonyeza kuti khadi linagwiritsidwa ntchito ku Blantyre kwa masabata asanu ndi awiri imadzinenera yokha. Boma linawonjezeranso mphamvu zake pa nkhani ya maakaunti a ku banki: lamulo la Public Authorities (Fraud, Error and Recovery), lomwe linaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo mu Januwale 2025, linakonzedwa kuti mabanki azidziwitsa DWP za maakaunti omwe akuoneka kuti apitirira malire a chuma.

Pa tsiku la kucheza, munthu ali ndi ufulu wopempha womasulira, wokhala ndi mnzake kapena mlangizi pambali, ndiponso wopempha tsiku lina ngati lomwe lapatsidwalo silingatheke chifukwa cha ntchito kapena ana. Chosayenera ndi kungokhala chete osayankha kalata, chifukwa DWP ili ndi mphamvu yoimitsa thandizo ngati zomwe yapempha sizinaperekedwe pa nthawi yake, ndipo kuimitsako pakokha sikuchitiridwa apilo. Poyankha mafunso, ulemu wathu womwe umatichititsa kuvomera zinthu pamaso pa wamkulu umatha kupweteketsa munthu. Ofisala akafunsa kuti mwamunayo anasamuka liti, ndipo mayiyo sakukumbukira, yankho labwino ndi lakuti sakukumbukira ndipo akayang'ana, kusiyana ndi kutchula mwezi wongoganizira womwe pambuyo pake udzasemphana ndi pepala. Mawu akuti amuna anga, omwe mayi wa kwathu amatha kuwagwiritsabe ntchito potchula bambo wa ana ake patapita zaka atasiyana, akamasuliridwa m'Chingerezi amamveka ngati kuvomera. Zomwe zalembedwa ziyenera kuwerengedwa kaye zisanasainidwe kapena kuvomerezedwa, ndipo polakwika pakonzedwe nthawi yomweyo. Ngati pali chomwe munthu akudziwa kuti sanachinene, monga mwamuna amene analowadi m'nyumba miyezi itatu yapitayo, kuchinena yekha asanachitulukire kumapepukitsa zotsatira zake, ndipo ndi nzeru kuonana kaye ndi alangizi aulere monga a Citizens Advice, kapena a Gingerbread, bungwe lothandiza makolo olera ana okha.

Kauniuni amatha m'njira zosiyanasiyana. Mafayilo ambiri amatsekedwa popanda kusintha kanthu, ena amapezeka kuti munthu ankalandira zochepa ndipo amamubwezera, ndipo ena amapezeka kuti analandira zopitirira. Pa Universal Credit lamulo ndi louma: ndalama yopitirira imabwezedwa ngakhale cholakwacho chitakhala cha DWP yeniyeniyo. Amaidula pa thandizo la mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira mu Epulo 2025 malire a zodulidwa za ngongole zotere anatsitsidwa kuchoka pa 25 kufika pa 15 peresenti ya gawo loyambira lija. Amene akuona kuti sangakwanitse akhoza kupempha nthambi ya DWP yotolera ngongole kuti ichepetse mlingowo. Munthu amene analakwitsa mosasamala akhoza kulipitsidwa chindapusa cha £50. Pamene pali umboni wa chinyengo, DWP ikhoza kupereka mwayi wa chindapusa m'malo mwa khoti, chomwe ndi theka la ndalama yopitirirayo, kuyambira £350 mpaka £5,000, pamwamba pa kubweza ngongoleyo, kapena kutengera nkhaniyo ku khoti. Chindapusa chimenechi munthu sakakamizidwa kuchivomera, ndipo amene akudziwa kuti sanalakwe asachisainire pongofuna kuti nkhani ithe, asanamve malangizo.

Chigamulo choti mayi akukhala ndi mwamuna, kapena choti ali ndi ngongole yakutiyakuti, chikhoza kutsutsidwa. Poyamba munthu amapempha DWP kuti iunikenso chigamulocho, njira yotchedwa mandatory reconsideration, pasanathe mwezi umodzi kuchokera pa deti la kalata, ngakhale kuti pempho lochedwa limatha kulandiridwa mpaka miyezi 13 ngati pali chifukwa chomveka. Yankho likakhala losakhutiritsa, apilo imapita ku First-tier Tribunal, bwalo loima palokha lomwe silili pansi pa DWP, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere. Apilo isanamvedwe, DWP imatumiza mtolo wa mapepala onse omwe inagwiritsa ntchito pogamula, ndipo nthawi zambiri m'pamene munthu amaona koyamba chomwe chinayambitsa nkhani yonse, mwina inshulansi ya galimoto ija. Wodandaula amasankha ngati nkhani yake igamulidwe pongowerenga mapepala kapena akaonekere yekha, ndipo alangizi amalimbikitsa kukaonekera, chifukwa woweruza amafunsa mafunso a tsiku ndi tsiku omwe fomu ilibe malo ake: amasunga kuti zovala zake za kuntchito, ali ndi kiyi wa nyumbayo kapena amagogoda, amagula ndani chakudya, ndipo ana akafuna kukagona kwa bambo awo amapita kuti.